Sileti, wailesi yopukusa ndi matabuleti: zida za m'kalasi zimatha bwanji?

NaPhiri wa ku Salima: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Pasukulu pathu patsikira matabuleti a pulogalamu ya boma ija ya BEFIT, a ana a Sitandade 1 mpaka 4. Abwera ndi masola, mabatire komanso chikabati chachitsulo chotchajiramo. Ine ndili mukomiti ya sukulu, ndiye Loweruka tili ndi msonkhano wa makolo wokambirana za mlonda. Ena akukana kale kusonkha, akuti zidole zimenezi zitha monga zidathera zina zonse. Inu amene mudaona zambiri tandiuzani, zida zimene zidalowapo m'makalasi mwathu muno zidatha bwanji? Ndikufuna ndikayankhule zomveka.

Wyson ku Joni: Kkkk amayi, funso limeneli ndi la madala. A Gondwe, agogo Nachisale, tulukani kuno.

Agogo Nachisale: Ndafika mwanawe. Ine Sub A, kalasi yoyamba ya masiku amenewo, ndidayamba nthawi ya chitaganya cha Welensky, pasukulu ya mishoni ya Adatchi kuno ku Dedza. Miyezi yoyamba sitidagwire kanthu m'manja. Aphunzitsi ankatitulutsa panja, aliyense asalaze mchenga patsogolo pake ndi chikhatho, n'kumalemba a e i o u ndi chala. Iwo ankayenda kumbuyo kwathu, wolakwitsa amufufutira ndi phazi, ayambirenso. Sileti tidaigwira titadziwa kale zilembo. Unali mwala wakuda wopyapyala wa mufelemu yamatabwa, cholembera chake kamwalanso kotuwa kolira tswii ukakanikiza. Lamulo linali loti tizibwera ndi kansanza konyowa, koma tonse tinkafufuta ndi malovu ndi chigongono. Ukaiswa, kunyumba kunalibe mtendere.

Koma chimene ndikufuna mumve NaPhiri ndi ichi. Aphunzitsi akapereka samu ankangoti "kwezani!", tonse masileti m'mwamba. Kungomwaza maso kamodzi, adziwa kale kuti wamva ndani, wasochera ndani, n'kumukonza pomwepo. Ine pomayamba kuphunzitsa ndidapeza makope atalanda malo. Kope ndi labwino, mwana amapita nazo kunyumba zimene walemba. Koma kuti udziwe ngati wamva, utolere mulu wonse, ukachonge usiku panyali, umubwezere mawa lake cholakwa chija chitagona kale m'mutu mwake.

A Gondwe, mphunzitsi wopuma: Amama Nachisale anena zenizeni. Ndiwonjezere mbiri pang'ono poti achinyamata ambiri amaganiza kuti sukulu idabwera ndi boma. Sukulu yoyamba m'dziko muno adatsegula ndi amishoni a Free Church of Scotland ku Cape Maclear mu 1875, gulu lomwe munali Dr Robert Laws. Malungo atawavuta adasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo mu 1894 Laws adakwera phiri kukayambitsa Overtoun Institution ku Khondowe. A Church of Scotland adafika ku Blantyre mu 1876, amishoni a Anglican a UMCA ku Likoma mu 1885, Adatchi ku Mvera mu 1889, ndipo John Chilembwe adatsegula yake ya PIM ku Mbombwe mu 1900. Katundu wa sukulu ankabwera pa sitima kudzera mu Zambezi ndi Shire, kwinako pamitu pa amtengatenga. N'chifukwa chake pepala linali lodula ndipo sileti inali ndi ulemu, imodzi yomweyo inkaphunzitsa mkulu, mng'ono wake ndi mlongo wawo.

Bolodi nalonso lili ndi chibale ndi Scotland yemweyo. Mmodzi mwa anthu amene amatchulidwa kuti adaliyambitsa ndi James Pillans, mphunzitsi wa ku Edinburgh, yemwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 ankajambula mapu pabolodi ndi choko cha mitundu. Lisanabwere, mphunzitsi ankayendera ana mmodzimmodzi. Bolodi ndi lomwe lidachititsa kuti munthu mmodzi aziphunzitsa chikhamu nthawi imodzi.

Ndipo musaganize kuti zamakono zayamba lero. Ku Khondowe ana ankaphunzira kusindikiza mabuku, ukalipentala, zomangamanga ndi kutumiza mauthenga pa telegalafu. Magetsi ochokera ku madzi adayaka kumeneko mu 1905. Mwana wa ku Khondowe ankaona babu ikuyaka agogo ake a agogo anu ali moyo, pamene lero sukulu zambiri za pulayimale sizidaonepo waya wa ESCOM.

Wyson ku Joni: A Gondwe akayamba za Livingstonia, kaphikeni nsima mudye mubwerere, mupeza akadali pa Laws kkkk.

A Gondwe, mphunzitsi wopuma: Iwe Wyson, ulemu. Ndimalize. Boma la atsamunda lidachedwa kwambiri. Thandizo lake loyamba linali mapaundi 1,000 okha pachaka, oti mamishoni onse agawane. Dipatimenti ya maphunziro idakhazikitsidwa mu 1926, bungwe la Phelps-Stokes litayendera dziko lino mu 1924 n'kudzudzula. Sekondale yoyamba, Blantyre Secondary School, idatsegulidwa mu 1940, Zomba Catholic mu 1942, Dedza mu 1951. Werengani nokha zaka kuchokera 1875.

Che Jafali ku Mangochi: Salaam nonse. A Gondwe, mbiri yanu ndi yabwino koma yayenda njira ya tchalitchi yokha. Kwathu kuno makolo ambiri sankatumiza ana ku sukulu za mishoni poopa kuti akawatembenuza ndi kuwasintha maina. Koma kulemba kunalipo. Ku madrasa mwana ankakhala ndi thabwa losalala, shehe amulembera mavesi ndi inki, iye aloweza, akatha amatsuka thabwalo n'kulembanso ena. Mafumu ena a Chiyao ankasunga alembi olemba makalata m'zilembo za Chiarabu. Vuto lidadza pamene ntchito za ukalaliki zinkafuna satifiketi ya ku mishoni, ife tidatsalira pamenepo, ndipo bala lake likuonekabe m'maboma athu ano.

Agogo Nachisale: Zoona Che Jafali. Kwathunso sukulu ndi tchalitchi zinali nyumba imodzi. Mphunzitsi yemweyo Lamulungu ndiye mlaliki. Ambiri ankalimbikira kuwerenga kuti alowe kalasi ya ubatizo, makamaka Baibulo lonse la Chinyanja litatuluka mu 1922. Mayi anga ankatha kuwerenga bwinobwino koma kulemba dzina lawo ayi.

Thoko (Leeds): Agogo ndi a Gondwe zikomo, ndikuphunzira. Aunt NaPhiri, makolo amene akukayikawo musawanyoze, mbiri ili kumbali yawo. Chida chilichonse chatsopano chimabwera ndi lonjezo lofanana. David Livingstone ankayenda ndi chowonetsera zithunzi pakhoma choyendera nyali, n'kumachitama kuti chimaphunzitsa bwino. Mu 1913 Thomas Edison adanena kuti mabuku atha ntchito m'sukulu posachedwa chifukwa ana aziphunzira ndi kanema. Kenako wailesi, kenako TV. Ku American Samoa mu 1964 adaika maphunziro pafupifupi onse pa TV, patapita zaka zochepa aphunzitsi ndi ana omwe adatopa nazo n'kuzichepetsa. Chaposachedwa ndi malaputopu obiriwira aja a One Laptop per Child. Dziko la Peru lidagula masauzande mazanamazana, koma kafukufuku wa Inter-American Development Bank wa mu 2012 adapeza kuti masamu ndi kuwerenga sizidasinthe. Kuseweretsa kompyuta ndiye ana adakudziwa.

Wyson ku Joni: Sisi Thoko, za wailesi musapite nazo kutali, ine ndine mwana wake. Sindidasankhidwe kupita ku sekondale, ndiye ndidalowa MCDE, sukulu yophunzira kudzera m'makalata. Inu a masiku ano simudziwa. Tinkalandira maseti, timabuku ta maphunziro osindikiziratu, ndipo pankayenera kukhala mapulogalamu a pa MBC oti tizimvera. Pamalo pathu wailesi inalipo imodzi, koma mabatire ankatha msanga chifukwa madzulo inkagwira ntchito ina yomvera mpira kunyumba kwa munthu wina wake amene sindimutchula. Otiyang'anira anali aphunzitsi a pulayimale, anthu abwino, koma Physical Science ankangotiwerengera seti momwe idalembedwera. Beaker ndidaiona koyamba pachithunzi, ndipo mayeso ndidalemba ndisanaigwirepo. Anzathu a ku boarding ankatiseka kuti ndife a sekondale ya m'makalata.

A Gondwe, mphunzitsi wopuma: Pamenepo ndiikepo zaka. Malawi Correspondence College idayamba mu 1965, idaphatikizidwa ndi nthambi ya maphunziro a pa wailesi mu 1973, ndipo dzina loti Malawi College of Distance Education lidabwera mu 1987. Cha m'ma 1998 malo ake aja adasandutsidwa ma CDSS. Cholinga chinali chabwino, poti malo m'sekondale anali ochepa zedi. Koma taonani kusiyana kwake: nthawi yomweyo Wyson akulimbirana wailesi imodzi, ku Mtunthama kunali Kamuzu Academy, yotsegulidwa mu 1981, ana akuphunzira Chilatini ndi Chigiriki, laibulale yodzaza mabuku. Dziko limodzi lomweli.

Agogo Nachisale: Mwaiwala chida chimodzi chomwe chidagwiradi ntchito: Gestetner, makina ochulukitsira mapepala. Unkalemba mayeso pa stensulo ndi taipi, ukalakwitsa chilembo upakepo mankhwala ofiira onunkha aja, kenako ukulunge stensuloyo pa chimgolo chake n'kumapukusa. Manja onse bii ndi inki. Inalibe magetsi, ikavuta kalaliki ankaimasula yekha n'kuikonza. Makina amenewo adakhala zaka ndi zaka. Ife akumudzi tinalibe, mayeso a teremu tinkalemba pabolodi, wina uku akufufuta funso loyamba pomwe mwana wochedwa sadalikopere. Bolodi likayera tinkatuma ana asinje makala ndi zakuda za m'mabatire akutha, asakanize ndi masamba, apake. Lachisanu atsikana kuzira pansi, anyamata kusesa. Belu linali limu ya galimoto yopachika pamtengo.

Koma chimene chidasintha kalasi kuposa chida chilichonse ndi 1994. A Muluzi atachotsa fizi, ana a pulayimale adachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Sindikunena kuti chinali cholakwika, ana a amphawi adalowa sukulu ndipo ena mwa iwo lero ndi manesi. Koma ine ndidalowa mu Sitandade 1 m'mawa wina n'kupeza ana mpaka pakhomo, ena pawindo. Boma lidalemba aphunzitsi ogwirizira pafupifupi 20,000, kuwaphunzitsa masabata ochepa n'kuwaponya m'kalasi, maphunziro enieni a MIITEP adabwera pambuyo. Makalasi adasefukira pansi pa mitengo, bolodi lotsamiritsa pa mtengo wa mango, mvula ikangoti waa sukulu yatha. Kuyambira pamenepo mphunzitsi adasiya kudziwa mwana aliyense. Timangoimbitsa, onse ayankhe pamodzi, wosadziwa abisale m'mawu a anzake mpaka Sitandade 4 osatha kuwerenga dzina lake.

Madam Chikondi: Agogo mwandilankhulira. Ine ndili ndi Sitandade 2, ana oposa 130 m'kaundula, pomwe boma limati mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60. Ndidayamba ntchito nthawi ya Tikwere, mukuikumbukira? Idayamba kumveka pa MBC mu 2008 ndi thandizo la USAID. Tidalandira mawailesi opukusa ndi dzanja, okhalanso ndi kasola. Phunziro linali la mphindi 30, mphunzitsi wa pawailesi amati "aphunzitsi, imikani mtsikana mmodzi ayankhe", ine n'kuimika. Ana ankaikonda koopsa chifukwa cha nyimbo, ndipo kunena zoona ineyo idandiphunzitsa njira zina zophunzitsira. Koma wailesi sidikira munthu. Mwana asanatsegule pakamwa yapitirira kale. Kumbuyo kwa kalasi sikunkamveka. Chopukusira chikathyoka panalibe kokagula china, ndipo thandizo litatha zonse zidazilala. Yathu ili mu stolo mpaka lero, pamwamba pake pali mabuku odyedwa ndi chiswe.

Chomwe sichidandisiyepo ndi TALULAR, kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalo pomwepo. Zitsekerero za mabotolo, timitengo, njere za bwemba, makatoni odula zilembo. Izo ndiye sizifuna dona.

Wyson ku Joni: Madam, ndiye kuti makolo a ku Salima akunena zoona, asasonkhe?

Madam Chikondi: Ayi achimwene, sindidatero. Matabuleti ife tili nawo chaka chachiwiri tsopano, ndipo ndaona chinthu chimene wailesi sinkachita. Mwana aliyense amavala mahedifoni, amagwira yakeyake, ndipo ikamufunsa n'kulakwitsa imamuuza pomwepo, sapitirira mpaka akhoze. Wachangu amathamanga, wochedwa amayenda pang'onopang'ono popanda womuseka. Pali kamtsikana kena kamene sindidakamvepo mawu chaka chonse, ndidadzazindikira pa tabuleti kuti masamu kamawadziwa kuposa onse. Mwa ana 130 ndikadakapeza liti? Zili ngati "kwezani" wa agogo uja, kungoti wochonga ndi makina.

Zovuta zake nazi. Kugawa ndi kutolera kumadya nthawi ya phunziro lotsatira. Mahedifoni amaduka mawaya msanga. Kukachita mitambo masiku angapo motsatana ena satchajika. Ndipo mphunzitsi waulesi wapeza pobisalira, amagawa matabuleti n'kukakhala panja pa foni.

Mphatso wa ma IT: Ndilowepo pang'ono monga munthu wokonza zinthuzi. Sisi Thoko, kufananiza ndi Peru sikukukwana. Kumene kuja adapereka malaputopu kuti ana adzifufuzire okha. Awa ndi otseka, mulibe intaneti, mulibe Facebook, muli pulogalamu imodzi yokha ya bungwe la onebillion yophunzitsa kuwerenga ndi masamu mwandondomeko. Ndipo idayesedwa konkuno. Mu 2013 a University of Nottingham adachita kafukufuku pasukulu ya Biwi ku Lilongwe, ana ogwiritsa ntchito pulogalamuyi adaposa anzawo pa masamu. A bungwe la VSO adaipititsa m'sukulu zambiri pansi pa pulojekiti ya Unlocking Talent, ndipo mu 2019 onebillion idapambana nawo mpikisano wa Global Learning XPRIZE itayesedwa m'midzi ya ku Tanzania. BEFIT idayamba mu 2023 ndi sukulu 500, cholinga n'kufika m'sukulu zonse za pulayimale za boma. Wakuba akaba tabuleti imeneyi sangaigwiritse ntchito ina, ngakhale batire ndi sola ndiye amazifuna kwambiri.

Thoko (Leeds): Mphatso, kafukufukuyo sindikumukana. Koma sukulu yoyeserera imakhala ndi anthu oiyendera sabata ndi sabata, chikafa chinthu mawa chabwera china. Funso langa ndi la chaka chachisanu ndi chimodzi, pasukulu ya kuseri kwa phiri, mabatire atafooka, ma dona atatembenukira kwina. Mu bajeti ya unduna muli mzere wogulira mahedifoni? Ndalama imene imalephera kugula choko pa nthawi yake ndi yomweyo tikuyembekeza kuti izidzasintha mabatire a sola?

Mphatso wa ma IT: Ndondomeko yake ndi yoti boma lidzatenge zonse m'manja mwake pang'onopang'ono, ndipo akuphunzitsa amisiri m'maboma.

A Gondwe, mphunzitsi wopuma: Mawu amenewo mwana wanga ndidawamvapo pa wailesi za MCDE, Madam adawamva pa Tikwere. Ine sindidana ndi tabuleti. Ndikungoti Gestetner idakhalitsa chifukwa kalaliki ankatha kuikonza ndi sikuludiraiva, sileti idakhalitsa chifukwa inalibe choti chife kupatula kusweka. Pamene Covid idatseka sukulu pa 23 March 2020, unduna udathamangira kuika maphunziro pa wailesi ndi pa intaneti. Koma kalembera wa 2018 adapeza kuti nyumba imodzi yokha mwa zitatu ndiyo ili ndi wailesi, ndipo zounikira magetsi a ESCOM zinali pafupifupi 11 pa 100 zilizonse. Adzukulu anga kumudzi adakhala miyezi yonse ija akuweta mbuzi.

NaPhiri wa ku Salima: Ndamva zambiri, zikomo nonse. Ndikawauza makolo kuti mlonda ndi wofunika chifukwa cha sola ndi mabatire, koma ndikafunsanso ahedi pamaso pa onse kuti chikawonongeka timauza ndani, nambala yake tiilembe pakhoma, ndiponso kuti komiti iziwerenga matabuleti ndi mahedifoni kumapeto kwa teremu iliyonse. Madam, zoti mphunzitsi azikhala m'kalasi nthawi ya matabuleti ndikazinenanso, ngakhale ndikudziwa kuti ena andida nazo.

Madam Chikondi: Mukanene amayi, koma mukayambe mwawayamikira kaye, kkkk. Muwapemphenso makolo asoke timatumba ta nsalu tosungiramo mahedifoni, amakhalitsako.

Che Jafali ku Mangochi: Funso langa kwa Mphatso. Tabuletiyo imayankhula chiyankhulo chanji? Chifukwa mdzukulu wanga akulowa Sitandade 1 akudziwa Chiyao chokha.

Mphatso wa ma IT: Chichewa ndi Chingerezi, bambo.

A Gondwe, mphunzitsi wopuma: Ehe, mwafika pamene pamandipweteka. Amishoni, ndi zolakwa zawo zonse, ankayamba ndi chiyankhulo cha mwana. Ku Bandawe ankaphunzitsa m'Chitonga, ku Ekwendeni ndi ku Khondowe m'Chitumbuka, ndipo ankasindikiza okha mabuku ake. Msonkhano wa MCP wa mu 1968 ndi umene udakweza Chichewa n'kuchotsa Chitumbuka m'sukulu ndi pa wailesi. Mu 1996 unduna udatulutsa kalata yoti Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo, koma mabuku ake sadasindikizidwe. Mu 2014 adalengezanso kuti Chingerezi chiyambire Sitandade 1. Mphunzitsi wamoyo amatha kuzemba malamulo onsewa, akaona kuti ana sakumva amatembenuzira m'Chitumbuka mwakachetechete. Makina satembenuza.

Agogo Nachisale: A Gondwe, ine Mchewa koma pamenepa sindikutsutsani. Ndidaphunzitsapo kudera la Ayao, teremu yoyamba ana ankangondiyang'ana. Adandipulumutsa ndi ana obwereza kalasi, ndiwo ankamasulira anzawo.

Thoko (Leeds): Komatu pa zida zonse zimene tatchula, tabuleti ndi imene ingathe kuyankhula ziyankhulo zambiri mosavuta. Buku lililonse limafuna kusindikiza ndi kunyamula pa lole. Apa n'kujambula mawu kamodzi basi.

Mphatso wa ma IT: Si kujambula mawu kokha sisi. Kuphunzitsa kuwerenga kumayendera maphatikizo a chiyankhulocho, ndiye ndondomeko yonse ya zilembo, mawu ndi tinkhani imayenera kukonzedwanso kuchokera pachiyambi, ndi anthu odziwa kalembedwe ka Chiyao kapena Chitumbuka. Masamu ndiye angafulumireko, poti manambala ndi omwewo, chosintha ndi mawu a malangizo okha.

Che Jafali ku Mangochi: Ndiye ayambe ndi masamuwo. Anthu odziwa kulemba Chiyao alipo, ku Centre for Language Studies ku Zomba adakonza kale kalembedwe kake. Madam, inu mukakumana ndi a PEA, mlangizi wa sukulu za m'zoni yanu, ku TDC kumene aphunzitsi mumasonkhana, kafunseni ngati nkhaniyi idakambidwapo, mudzatiuze pano.

Madam Chikondi: Tili ndi msonkhano wa zoni sabata yamawa, ndikafunsa. Koma Che Jafali mudziwiretu kuti a PEA nawonso amangolandira zochokera ku Capital Hill, ndiye ngati mukufuna liyende, lembani kalata kudzera kwa a DEM, mkulu wa maphunziro m'boma lanu, ndipo mafumu asainire nawo.